Mndandanda wa maboma osaukitsitsa ku America ukubisa theka la nambala

Chaka ndi chaka pa Facebook ndi m'nyuzipepala za pa intaneti mumatuluka mndandanda wa maboma aang'ono a ku America, aja amawatcha county, wonena motsindika kuti boma lakuti ndilo losaukitsitsa m'dziko lonselo. Lero atchula Owsley ya ku Kentucky, mawa Holmes ya ku Mississippi, mkuja Buffalo ya ku South Dakota. Ena amafika ponena kuti boma lakuti lakwera kapena latsika chifukwa cha atsogoleri ake. Ife tikukana. Umphawi m'madera amenewa ulipodi ndipo ndi wowawa, koma manambala amene olemba mndandandawo amadalira sangathe kusonyeza kuti woyamba ndi uyu, wachiwiri ndi uyu.

Nambala imene amagwiritsa ntchito ndi ndalama zimene khomo lapakatikati limapeza pa chaka. Mukandandalika makomo onse a m'boma, kuyambira lopeza zochepa mpaka lopeza zambiri, khomo loima pakati penipeni ndilo limapereka nambalayo. Njirayi ndi yabwino, chifukwa mpondamatiki mmodzi akasamukira m'deralo sasokoneza chithunzi cha anthu onse. Koma palibe amene amandandalikadi makomo onse. Bungwe la Census Bureau limapeza nambalayi kudzera mu kafukufuku wa American Community Survey, amene anayamba kuyenda mokwanira mu 2005 ndipo amasankha ma adiresi pafupifupi 3.5 miliyoni pa chaka m'dziko la anthu oposa 330 miliyoni. Kuli ngati kulawa mchere wa ndiwo ndi nsonga ya chipande.

M'boma la Los Angeles, momwe muli anthu pafupifupi 10 miliyoni, makomo ofunsidwa ndi ambiri ndipo nambala imakhazikika. Nanga ku Issaquena, m'chigwa cha mtsinje wa Mississippi? Kalembera wa 2020 anapezako anthu 1,338, ndipo ena mwa iwo ndi akaidi a m'ndende ya kumeneko, amene salowa m'chiwerengero cha makomo. Makomo otsalawo ndi mazana ochepa, oyankha mafunso ndi ochepa kuposa pamenepo. Zikangochitika kuti mwa osankhidwawo muli okalamba angapo odalira penshoni, nambala imagwa. Mukapezeka eni minda ikuluikulu angapo, imakwera. Chonsecho ku Mayersville, likulu la bomalo, palibe amene walemera kapena kusauka. Ku Loving, m'chigawo cha Texas, kalembera yemweyo anapezako anthu 64 okha.

A Census Bureau sabisa zimenezi. Pambali pa nambala iliyonse amalembapo ina yosonyeza kuti yoyambayo ikhoza kuphonya ndi ndalama zingati, mokweza kapena motsitsa, ndipo malirewo amawerengedwa mwa njira yoti pa maulendo 100 agwire zoona maulendo 90. Tiyerekeze kuti boma lina lalembedwa $26,000, kuphatikiza kapena kuchotsera $5,000, pomwe linzake lalembedwa $28,000, kuphatikiza kapena kuchotsera $4,000. Loyambalo lili penapake pakati pa $21,000 ndi $31,000, lachiwirilo pakati pa $24,000 ndi $32,000. Losaukitsitsa ndi liti pamenepa? Olemba mndandanda amangodula nambala yosonyeza kuphonyayo, n'kutsala ndi mutu wa nkhani wokoka anthu. Ndipo malirewo amangoyeza vuto lobwera chifukwa chofunsa makomo ochepa. Munthu woiwala ndalama za ganyu amene anagwira miyezi yapitayo, kapena wobisa dala zimene amapeza, salowamo.

Zoti boma lakwera kapena latsika chaka chino ndiye zosamveka n'komwe. Manambala a chaka chimodzi amatulutsidwa m'madera a anthu 65,000 kupita m'mwamba, ndipo mwa maboma oposa 3,100 a m'dzikolo, ambiri safika pamenepo. Iwo amapatsidwa nambala yophatikiza zaka zisanu. Ya 2018 mpaka 2022 ndi ya 2019 mpaka 2023 zimagawana zaka zinayi, n'chifukwa chake bungwelo limalangiza kuti zotere zisamayerekezeredwe.

Sitikunena kuti kafukufukuyu atayidwe. Kusiyana kwa Holmes ndi Loudoun ya ku Virginia, imene imakhala pamwamba pa maboma olemera, n'kwakukulu moti malire aliwonse sangakufufute. Kafukufukuyu amasonyezanso mosakayikitsa kuti chigwa cha Mississippi, mapiri a kum'mawa kwa Kentucky ndi malo a eni nthaka monga Crow Creek ku Buffalo ndi osauka zedi. Pogawa ndalama za Title I zothandizira sukulu za ana osauka, boma la America limadalira ziwerengero za SAIPE, zimene zimaphatikiza kafukufukuyu ndi zolemba za misonkho pofuna kuchepetsa kuphonya komweku m'madera aang'ono. Ngati ogawa ndalama amasamala chotero, mkonzi wofuna kutchula boma la anthu 4,000 kuti ndilo lotsiriza m'dziko ayenera kusindikiza manambala onse awiri, owerenga adzionere okha kuti maboma angapo apansiwo ndi osatheka kuwasiyanitsa.