Nsupa imapozanso diso

Makolo anzanga, nsupa ija imasweka mayi akamabereka ili ndi kanembanemba kopyapyala mkati mwake. Kanayesedwa koyamba pa diso mu 1940, ndipo lero madokotala a maso amakayala pa diso lopsa ndi laimu kapena asidi wa batire. Kamaphimba bala kuti chikope chisamalikhule pophethira. Kamakolanso maselo oyera a magazi amene amatupitsa diso, n'kuferamo, motero kufiira, ululu ndi chipsera zimachepa.

Koma tamverani, si zoyesera kunyumba ayi! Kamatengedwa kwa mayi wochira ndi opaleshoni, atavomera yekha, atayezedwanso HIV ndi chindoko. Mwana akalowedwa laimu, tsukani disolo ndi madzi oyera mphindi 20, osathiramo mkaka wa m'mawere, kenako thamangirani naye kuchipatala.