MAMOTA ACHULUKA M'MALIRE, KOMA KALATA ZOYENDETSERA ZIKUSOWA

ULÓNGUÈ — Munthu akaima pa Lizulu, pa Calómuè kapena pa Zóbuè tsiku la msika amaona yekha kuti pamalo pamene kale pankaima ngolo ndi njinga zakapalasa lero padzaza njinga zamoto, zimene anthu kuno amazitcha mamota. Mnyamata akagulitsa kachewere kapena fodya amagula mota, mnzake n'kumuphunzitsa madzulo awiri pa bwalo la mpira, ndipo sabata isanathe wayamba kale kunyamula anthu ndi matumba. Chimene chimatsalira m'mbuyo ndi kalata yoyendetsera, imene pa Chipwitikizi imatchedwa carta de condução, ndipo tsidya la Malawi amati laisensi.

Nkhondo itatha mu 1992, anthu opitirira 1 miliyoni amene anathawira ku Malawi anabwerera n'kupeza misewu yokumbika ndi milatho yogumuka. Masiku amenewo kalata inali nkhani ya anthu a m'tauni ndi oyendetsa malole. Lero msewu wa N7 wochoka ku Tete kupita ku Zóbuè, wa N304 wodzera pa Ulónguè, ndi wa N11 wofika ku Milange ndi yaphula, ndipo pamene pafika phula pafikanso apolisi a tranzito ndi lamulo lawo. Lamulolo ndi Código da Estrada la mu 2011, limene linalowa m'malo mwa lachitsamunda la mu 1954.

Mapepala amene anthu amasokoneza

Chisokonezo choyamba chili pa kapepala kamene amapereka a khonsolo ya tauni kapena a boma la distiritu. Kapepalako ndi ka tinjinga tamoto tating'ono tosapitirira 50 cc. Koma mamota ambiri amene akunyamula anthu m'misika ndi a 100, 125 kapena 150 cc, ndipo amenewa amafuna kalata yeniyeni yochokera ku INATRO, bungwe loona za magalimoto limene kale linkatchedwa INAV, kenako INATTER. Kalata ya gulu la A1, ya mota yosapitirira 125 cc, munthu angaitenge ali ndi zaka 16. Ya gulu la A, ya mota yaikulu, ndi ya gulu la B, ya galimoto yaing'ono, zimafuna zaka 18. Kunyamula anthu olipira pa chapa kumafuna chilolezo china chapadera pamwamba pa kalatayo.

Chisokonezo chachiwiri chikubwera ndi amene anagwirako ntchito ku Joni. Kumeneko munthu akakhoza mayeso a malamulo amapatsidwa laisensi ya wophunzira ya miyezi 24, ndipo amaloledwa kuyendetsa galimoto ngati pambali pake pakhala munthu amene ali ndi laisensi yonse. Ku Moçambique njira ndi ina. Wofuna kalata amalembetsa ku sukulu yophunzitsa kuyendetsa, atanyamula bilyeti lake, chikalata cha kuchipatala chosonyeza kuti maso ndi thupi zili bwino, ndi chikalata chosonyeza ngati anapalamulapo mlandu. Amaphunzira ndi mphunzitsi wovomerezeka pa galimoto ya sukulu, kenako amalemba mayeso a malamulo, ndipo akakhoza amayesedwa kuyendetsa. Malume kapena achimwene, ngakhale atayendetsa lole zaka 20, sangalowe m'malo mwa sukuluyo.

Chisokonezo chachitatu chili pa pepala loyembekezera. Munthu akakhoza mayeso onse awiri amalandira pepala losakhalitsa pamene khadi lake likusindikizidwa. Pepalalo limamulola kuyendetsa, koma lili ndi tsiku lothera lolembedwa pomwepo. Pa zaka zingapo zapitazi makhadi akhala akuchedwa kutuluka, ndipo amene sayang'ana tsikulo amadzidzimuka atalembedwa muluta, chonsecho mayeso anakhoza. Tsiku likayandikira khadi lisanabwere, mwini pepala ayenera kubwerera ku ofesi kuti akaliwonjezere masiku.

Chaka choyamba n'choyesedwa

Ngakhale khadi litafika m'manja, lamulo la 2011 silimuona woyendetsa watsopano ngati wokhwima. Kalata yake imakhala yongoyembekezera m'chaka choyamba, ndipo imakhazikika ngati m'chakacho sanapalamule mlandu wa pamsewu woletsetsa munthu kuyendetsa. Pa liwiro, galimoto yaing'ono imaloledwa makilomita 60 pa ola m'malo okhala anthu ndi 120 kunja kwake, koma amene sanathe chaka ndi kalata sayenera kupitirira 90. Woyendetsa mota pamodzi ndi womukweza ayenera kuvala kapaseti. Mowa uli ndi malire kwa aliyense, ndipo kwa woyendetsa galimoto yonyamula anthu malirewo ndi ziro: ngakhale chipanda chimodzi cha masese kapena kambale ka kachasu n'kulakwa.

Si Moçambique yokha imene imatero. Ku Portugal woyendetsa watsopano amakhala pa kuyesedwa zaka 3. Ku Britain, kuyambira mu 1997, amene wapeza mapointi 6 a milandu m'zaka 2 zoyambirira amalandidwa laisensi, n'kubwerera pa ya wophunzira ndi kulembanso mayeso onse. Chifukwa chake n'chimodzi kulikonse. Kusintha magiya munthu amaphunzira pa sabata, koma kudziwa kuti lole ya simenti yotsika phiri singaime pamene waimira njinga, kapena kuti kumbuyo kwa mbuzi yodumpha msewu kumabwera mwana woithamangitsa, kumatenga miyezi yambiri. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti ngozi za pamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pa chaka, ndipo ndizo zimapha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Dziko silinaiwale ngozi ya pa Maluana m'distiritu ya Manhiça mu Julaye 2021, pamene anthu opitirira 30 anafa pa msewu wa N1.

N'chifukwa chiyani ambiri alibe kalata?

Kunena kuti achinyamata a m'malire ndi osamva n'kuthawa nkhani. Pali zopinga zitatu zenizeni. Choyamba ndi mtunda: kuchoka pa Ulónguè kukafika mumzinda wa Tete, kumene kuli ofesi yaikulu ya chigawo, pali makilomita opitirira 200, ndipo wochokera ku Dómuè, Tsangano kapena Chifunde amawonjezerapo ulendo wa m'fumbi. Ulendo uliwonse ndi ndalama ya chapa, ya malo ogona ndi ya chakudya, kuphatikizapo masiku amene munda watsala wopanda mwini. Chachiwiri ndi chilankhulo: mayeso a malamulo ndi a m'Chipwitikizi, pamene ambiri a m'malire anasiya sukulu msanga, ndipo ena anaphunzira tsidya lina m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Chachitatu ndi mtengo wa sukulu yoyendetsa, umene umagwa nthawi imodzi, pamene ndalama ya mlimi imabwera kamodzi pa chaka ndipo yathera kale pa mota.

Zopingazi zabala njira zachidule. Ena amapereka kangachepe kotchedwa refresko pa malo ofufuzira, ena amagula kalata kwa anthu olonjeza kuti ali ndi mnzawo ku ofesi. Koma masamu ake sakomera mnyamata. Refresko amaipereka tsiku lililonse la msika ndipo siitha, pamene ndalama ya sukulu imaperekedwa kamodzi. Kalata yogula, ngati mulibe m'kaundula wa boma, ndi pepala chabe, ndipo yomwe ikapezeka kuti ndi yabodza imasanduka mlandu wina. Kuyendetsa popanda kalata nakonso chilango chake ndi muluta ndiponso ndende.

Choopsa chachikulu chimaoneka tsiku la ngozi. Lamulo la mu 2003 limafuna kuti galimoto ndi mota zikhale ndi seguru yolipira anthu ena ovulazidwa. Mota yopanda seguru ikagunda mwana wa eni, chipepeso, ndalama ya chipatala kapena ya maliro zimagwera banja la woyendetsa. Pamenepo ndiye zimagulitsidwa ng'ombe, malata ngakhale mota yomweyo, ndipo mabanja awiri a m'mudzi umodzi amasiya kupatsana moni.

Tsidya lina la malire

Mayiko a SADC anasaina pangano la za mtengatenga ku Maseru mu 1996, ndipo mwa zina anagwirizana kuti azilemekezana makalata oyendetsera. Moçambique, Malawi, Zambia ndi Zimbabwe onse amayenda kumanzere kwa msewu, choncho amene ali ndi khadi lake sasowa mtendere akawoloka. Panganolo silimuteteza amene alibe kanthu. Pakati pa Dedza ndi Ntcheu msewu wa M1 umatsata malire enieni, koma ndi msewu wa Malawi: mnyamata wa ku Angónia akangoponda phula limenelo walowa m'manja mwa apolisi a Malawi ndi malamulo awo, ndipo mota ikagwidwa kumeneko kuiwombola kumavuta kuposa kwawo.

Zimene zingachitike

Kugwira mamota kokha sikungathetse vutoli, chifukwa mota ndi imene imafikitsa mayi wodwala ku chipatala usiku ndi kutulutsa kachewere kumene lole safika. Boma lingachepetse mtunda potumiza oyesa mayeso m'madistiritu pa masiku odziwikiratu, makamaka anthu akangogulitsa zokolola. Rádio Moçambique ku Tete, imene imaulutsa kale m'Chinyanja, pamodzi ndi mawayilesi a m'madera, ingamafotokoze zikwangwani ndi malamulo m'chilankhulo cha anthu. Magulu a oyendetsa mamota angachite chipereganyu kuti mwezi uliwonse mmodzi kapena awiri apite ku sukulu. Makolo nawo ali ndi mbali yawo: pamene banja likukhala pansi kuwerenga ndalama yogulira mwana mota, liwerengere limodzi ya kalata, ya seguru ndi ya makapaseti awiri. Ngati ndalamayo sikukwana zonsezi, ndiye kuti ya mota sinakwanenso, ndipo ndi bwino kudikira zokolola za chaka chamawa. Akuluakulu anati kuthamanga si kufika.