Masalmo Sadikira Bwato

Ku Nyachikadza, m'boma la Nsanje, Shire akasefukira njira zimatsekeka ndipo ulendo uliwonse umadalira bwato. Zinatero mu 2015, mu 2019 pa namondwe wa Idai, ndiponso mu 2023 pa namondwe wa Freddy. Pa nyengo yotere wansembe sangafike msanga kudzachita Misa. Kodi Akatolika akumeneko aleke kupemphera pamodzi kufikira madzi ataphwa? Iyayi. Mpingo uli ndi pemphero limene sililira wansembe, ndilo kupemphera Masalmo tsiku ndi tsiku.

Mwambo umenewu ngwakalekale. M'zaka za m'ma 500, Benedict Woyera analamula amonke ake kuti azitsiriza Masalmo onse 150 sabata iliyonse. Mu 1963 Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican unalimbikitsa akhristu eni ake kutengako mbali, ndipo kuyambira 1971, pa nthawi ya Papa Paul VI, Masalmo anagawidwa m'masabata anayi. Mizati yake ndi pemphero la m'mawa ndi la madzulo.

Ubwino wa dongosolo limeneli ndi wakuti munthu sasankha salmo potsata mmene wadzukira. Amapatsidwa salmo loyamika ngakhale munda wamira, ndiponso salmo lodandaula ngakhale nkhokwe yadzaza. Motero wosauka sataya mtima, ndipo wokhuta saiwala mnzake amene wagona ndi njala. Salmo 124, limene limabwera Lolemba madzulo m'sabata yachitatu, ndi chiyamiko cha anthu opulumuka ku madzi olusa. Munthu wa ku Nyachikadza sasowa womphunzitsa tanthauzo lake.

Nanga atsogolere ndani? Udindo uli pa aphunzitsi ndi achinyamata amene atsiriza sukulu, pakuti iwo ndiwo amadziwa kuwerenga. Buku Loyera lilipo kuyambira 1998. Mnyamata kapena mtsikana mmodzi angathe kuwerenga salmo mokweza, anthu namayankha vesi limodzi lobwereza, kenaka n'kulongosolera akuluakulu m'Chisena.

Komabe pemphero silichotsa nzeru. Nowa anamvera Mulungu pokhoma chombo mvula isanayambe. Chenjezo la azanyengo likamveka, wopemphera Masalmo akhale woyamba kuthandiza ana ndi okalamba kupita kumtunda, buku lake lili m'manja.

Nthawi yabwino yoyambira ndi chilimwe, pamene njira zili zouma ndipo mitima ili m'malo. Mwambo wa pemphero suphunziridwa madzi atafika kale m'khosi.