Mlandu wa mimba ndi mlandu wa munda

M'mipingo yambiri kwathu kuno, mlandu umene suchedwa kufika pabwalo la akulu ampingo ndi wa mtsikana amene watenga mimba asanakwatiwe. Amamuitana, amamufunsa, amamuimitsa pa Mgonero, ndipo kuti abwerere ayenera kuyambiranso kalasi. Mwambo wa mpingo sindikuutsutsa. Chigololo ndi tchimo ndithu, ndipo chimapasula mabanja. Chimene chimandiwawa n'chakuti pabenchi ya oweruzawo nthawi zina pamakhala bambo amene analanda nyumba ndi munda kwa mkazi wamasiye wa mchimwene wake misozi isanaume, koma palibe anamuitanapo. Za bamboyo mudzi wonse ukudziwa, kungoti ndi amene anagula malata a tchalitchi.

Apa zikuoneka kuti chimene timaopa ndi manyazi a kugwidwa. Tchimo lenilenilo talizolowera. Kalembera wa 2018 anasonyeza kuti mwa Amalawi 10 aliwonse, oposa 7 ndi Akhristu. Nanga pamene mabiliyoni a makwacha anasowa ku Capital Hill mu 2013, pankhani ya Cashgate ija, mpaka mayiko otithandiza anaimika thandizo lawo ku bajeti, tinene kuti onse osaina macheke abodzawo anali osapemphera? Nanga wogulitsa mankhwala a boma pamsika, ndi venda wokhotetsa sikelo pogula chimanga kwa mlimi, Lamulungu sitikhala nawo limodzi m'kwaya? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Boma linakhazikitsa lamulo mu 2011 lonena kuti kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu, koma mipingo ina ikuchionabe ngati nkhani ya pachibale yosayenera kulowererapo.

Malemba saona choncho. Davide atatenga Batiseba n'kukonza zoti Uriya, mwamuna wa Batisebayo, afere kunkhondo, Mulungu anatumiza mneneri Natani kwa mfumu yomweyo, munthu woopedwa m'dziko lonse. Natani anamuuza za wolemera amene anaphera mlendo kamwana ka nkhosa ka munthu wosauka, ziweto za wolemerayo zili mbwee m'khola. Davide anapsa mtima, osadziwa kuti akudziweruza yekha. Tikumbukirenso kuti Uriya sanafe yekha tsiku lija, asilikali ena anafera naye limodzi kuti chinsinsi cha mfumu chibisike. Akani atabisa chovala, siliva ndi golide m'hema wake, amuna ngati 36 amene sanabe kanthu anaphedwa ku Ai. Mneneri Amosi anadzudzula amalonda amene ankasunga Sabata, koma mtima uli dyokodyoko kuti lithe msanga abwerere kukachepetsa miyeso ndi kugulitsa mungu wa tirigu kwa amphawi.

Tchimo limalakwira Mulungu, ndipo kawirikawiri amene amalipira mtengo wake ndi wina. Mankhwala obedwa aja ndi mwana wa malungo amene wabwezedwa kuchipatala wopanda chithandizo. Munda wolandidwa uja ndi ana atatu amene asiya sukulu. Tchimo likanakhala chinthu chopepuka, Mwana wa Mulungu sakanapachikidwa pamtanda. Wonena kuti amakhulupirira mtanda koma n'kumaseka akakumbutsidwa zimene anachita, sanaumvetse mtandawo.

Ulaliki wambiri wa masiku ano ukutithandiza kuthawa zimenezi. Usiku wonse timapempherera ntchito, ukwati, ulendo wa ku Joni, ndi kugwa kwa adani athu. Vuto lililonse mwini wake ndi mfiti, mlamu wanjiru kapena temberero la makolo. Munthu amatuluka m'mapemphero atamva mayina a onse omulakwira, osamva ngakhale kamodzi kuti iyenso ali ndi amene anawalakwira. Chisomo n'choona, ndipo popanda icho tonse tatayika. Koma chisomo chikamugwira munthu, amasintha mpaka m'thumba.

Zakeyu, mkulu wa okhometsa msonkho ku Yeriko, atalandira Yesu m'nyumba mwake analonjeza kupereka theka la chuma chake kwa osauka ndi kubweza kanayi kwa aliyense amene anamubera. Pachitsitsimutso chimene chinayambira ku Gahini, m'dziko la Rwanda, m'zaka za m'ma 1930, n'kufalikira ku Uganda, Kenya ndi Tanganyika, anthu ankaulula machimo awo poyera, kubweza zimene anaba ndi kukapepesa kwa amene anadana nawo. Anansi awo anakhulupirira kuti chachitika n'chenicheni chifukwa katundu wawo anabwerera.

Choncho inu abale ndi alongo, Mgonero usanafike, kapena musanapite kukalapa kwa ansembe, khalani pansi mutchule tchimo lanu mmene lilili, ndipo mutchulenso munthu amene linamupweteka. Ngati pali chobweza, bwezani, ngakhale pang'onopang'ono. Ngati pali bodza limene munanenera mnzanu, pitani mukalikonze pamaso pa amene munawauza. Ndipo inu abusa ndi akulu ampingo, mtsikana uja mulangizeni mwachikondi, muitanenso mwamuna amene anamupatsa mimbayo. Mukatero muitane bambo wa malata uja, mumuuze kuti asanayandikirenso gome la Ambuye, abweze munda kwa mlamu wake.