Tisamaseke anthu opanga zisoti za pulasitiki aja

Anzanga a kunyanja, mwera wa sabata yatha unatikhazika pagombe masiku anayi. Maboti onse pamtunda, injini zosayenda, ndiye zosafanso, ine ntchito zii. Ndinangokhala pashedi n'kumatha bandulo. M'menemo ndinaona vidiyo ya bambo wina wa ku America, imvi mbuu, akuwotcha pulasitiki mu uvuni kuti apange chisoti choyera cha asilikali a mu filimu ya Star Wars, aja amawati stormtrooper. Nditaonetsa anyamata pa bawo, chiseko chinali chosaneneka. Wina anati, "Aise, ndalama zikachuluka munthu amabwerera ku umwana." Nanenso ndinaseka nawo. Koma lero ndikufuna kubweza chiseko changa chija, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Choyamba mumve mmene chisoticho chimapangidwira, poti ambirife tinaseka tisanamvetse. Amayamba ndi chikombole, monga tichitira poumba njerwa, kungoti ichi n'chotukuka, pulasitiki imavala pamwamba pake. Amachisema ndi thabwa kapena kuchiumba ndi pulasitala, n'kuchikwecha ndi sandipepa mpaka see. Kenako amatenga pulasitiki yafulati ngati lata, ya mtundu wa ABS kapena HIPS, yokhuthala mamilimita awiri kapena atatu, n'kuimanga pa felemu. Amaitenthetsa kupitirira madigiri 150, mpaka ifewe n'kuyamba kulendewera pakati ngati ukonde wonyowa. Pamenepo palibe zocheza. Amaitsitsa msanga pa chikombole chimene chakhala pa tebulo la timabowo tambirimbiri, pansi pake pali makina okoka mpweya. Pa masekondi ochepa pulasitiki ija yagwira chikombole mbali zonse, ikazizira yasanduka nkhope ya msilikali.

Chimene chinandigwira mtima ine makaniko n'chakuti si makinawo amene amaumba. Makina amangochotsa mpweya wa pansi. Woumba weniweni ndi mpweya umene tikupumawu, umene umakanikiza chinthu chilichonse ndi mphamvu ya pafupifupi kilogalamu imodzi pa kamalo ka sentimita imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi. Ukangochotsako wa pansi, wa pamwamba umagwira ntchito yonse ulere. Zimenezi tinaphunzira mu Physical Science, ine n'kungoloweza kuti ndikhoze mayeso, osadziwa kuti zili ndi ntchito.

Tsono imvani mbiri yake. Filimu yoyamba ya Star Wars inatuluka mu 1977. Chithunzi cha msilikali uja anajambula Ralph McQuarrie, ena n'kuchiumba ndi dongo. Koma amene anasandutsa dongolo kukhala zisoti zovalika, zokwana pafupifupi 50, mu 1976, anali Andrew Ainsworth wa ku Twickenham ku London. Mukudziwa ntchito imene ankagwira? Ankapanga timabwato ta pulasitiki ndi timaiwe tosungiramo nsomba pakhomo. Munthu wa zam'madzi ngati ife tomwe! Zisoti zoyambirirazo anaumba ndi pulasitiki yomweyo ya timaiwe ta nsomba, ya HDPE, imene penti sigwira bwino, moti penti yoyera ija inkasupuka. Komanso sizinali zofanana mbali zonse, kumanzere ndi kumanja kumasiyana pang'ono. Mpaka lero okonda filimuyi amakopera ndi kupotoka komweko, kuti chisoti chifanane ndi chenicheni.

Patapita zaka, Ainsworth anayamba kugulitsa zisoti zoterezi kwa anthu wamba. Kampani ya Lucasfilm inamusumira, ndipo khoti la ku California linati alipire madola 20 miliyoni. Mlandu unakafika ku khoti lalikulu la ku Britain, limene mu 2011 linagamula kuti chisoticho si chosema cha luso lokongoletsa ayi, ndi chipangizo chogwiritsa ntchito mu filimu, choncho kwawo ku Britain atha kumapangabe. Taganizani, maloya kumenyana zaka zonsezo chifukwa cha chinthu chimene ife pa bawo tinati n'chidole.

Ovala zisotizi ali ndi gulu lawo, 501st Legion, limene linayamba mu 1997 ku South Carolina ndipo lafalikira m'mayiko ambiri. Amavala n'kumakacheza ndi ana odwala m'zipatala, kapena kusonkhetsa ndalama zothandizira ovutika. Nanga ife sitidzipaka penti thupi lonse tsiku limene Bullets ikumenya ndi Wanderers? Kukonda chinthu mpaka kuchivala si misala ya azungu okha.

Ine sindinathere pa kuonera. Tsiku lachitatu la mwera ndinati ndiyese. Ndinasema chikombole chaching'ono ndi thabwa lotsala pa boti, ndinaboola timabowo pa kabokosi, n'kulumikiza kompuresa ya fuliji yakufa kuti izikoka mpweya mu silinda yakale, ndizingotsegula kamodzi. Pulasitiki ndinadula m'kati mwa fuliji momwemo, poti khoma loyera la m'kati lija nalonso amaliumba mwa njira yomweyi ku fakitale. Uvuni ndilibe, ndiye ndinagwiritsa ntchito mbaula.

Koyamba pakati panapsa, m'mbali muli gwa, utsi wake kununkha mpaka mutu kuwawa. Kachiwiri pulasitiki inafewa kwambiri n'kupanga makwinya m'makona. Kachitatu inagwira bwino, ine n'kukuwa ngati ndapha kampango, koma chikombole chinakana kutuluka. Ndinali nditachisema chotupa pamwamba, chopanikizika pansi, ndiye pulasitiki inachikumbatira ngati khosi la botolo. Ndinachita kung'amba ndi sowo. Apo m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake chisoti cha stormtrooper sachiumba kamodzi. Nkhope payokha, kumbuyo pakokha, kenako makutu amabisa polumikizira. Chikombole chiyenera kukhala chotsetsereka kuti chituluke. Ndinaonanso kuti pamene pulasitiki yakokeka kwambiri imapyapyala mpaka kuonekera dzuwa.

Madala anandipeza ndili m'kati mwa utsi. Anangoyang'ana, n'kufunsa, "Kodi iwe, zimenezi zimapha usipa?" Ndinati, "Ayi bambo." Anapukusa mutu. Koma asanachoke anatola chikombole chija, n'kuchisisita ndi chala, n'kunena kuti, "Apa sunakweche bwino." Kunena zoona, mzere womwewo unali utatuluka pa pulasitiki. Munthu amene wakhala akusoka chilimira moyo wake wonse sanafune kalasi kuti adziwe kuti cholakwa cha pa chikombole chimabadwanso pa chilichonse chimene uumbepo.

Ndikudziwa zimene ena munene. Pulasitiki yatsopano n'njodula, magetsi ndi a lero alipo mawa palibe, ndipo palibe amene angagule chisoti cha Star Wars pagombe pano anthu akusaka ya ufa. Zonsezo ndikuvomera. Sindikuti tisiye ntchito tizipanga zidole. Koma taonani zimene zimasweka m'manja mwathu tsiku ndi tsiku: zivindikiro za nyali zopherera usipa, timabokosi totchinjiriza mabatire ku madzi, tizivindikiro ta pa injini timene tikathyoka timangomanga ndi waya chifukwa sipeya kulibe. Zambiri mwa izo ndi pulasitiki youmbidwa basi. Munthu amene wadziwa kutulutsa nkhope ya msilikali mosapsa, mosakwinyika, kabokosi ka batire sikangamuvute. Luso silisankha kuti unaliphunzira posewera kapena pa ntchito.

Chimene chimandiwawa ndi chizolowezi chathu choseka aliyense amene akuyesa chinthu chimene sichibweretsa ndalama lero lomwe. Tili ana tinkapanga magalimoto a mawaya okhota ndi chiwongolero chenicheni. Kenako wina anatiuza kuti takula, tisiye zachibwana. Tinasiyadi, ndipo pano tili ndi mapepala a Fomu 4 m'chikwama, kudikira ntchito ya mu ofesi imene sikubwera, manja ataiwala. Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Ife amene yunivesite inatiphonya, nyimbo yathu ndi manjawa.

Zinthu ziwiri ndisanatseke, chifukwa ndikudziwa kuti alipo ayese. Musawotche pulasitiki m'nyumba yotseka, ndipo mapaipi a PVC asiyeni, utsi wake akapsa ndi poizoni. Chachiwiri, inu a kabaza, chisoti chotere n'chongovala kuti anthu aone. Helemeti yeniyeni ya njinga yamoto ili ndi thovu lolimba lokhuthala m'kati, ndi limene limalandira nkhonya mutu ukamenya pansi. Cha pulasitiki yopyapyalachi chingaphwanyike ngati dzira. Wina asakugulitseni chokongola n'kumati chiteteza.

Changa chachinayi chili pashedi, chopotoka, diso lina lalikulu lina laling'ono. Mphwanga wachivala kuyambira m'mawa, akukana kuvula ngakhale pa nsima. Mwera ukabweranso ndiyesa chivindikiro cha nyali, ndipo amene anaseka pa bawo paja mubwere ndi sandipepa, ntchito yokwecha ilipo yambiri.