Tileke kuphwanya mota ndi nyundo

Mukafika pa Mchesi ku Lilongwe kapena ku Ndirande, tcherani khutu ku kulira kwa macheka m'mashedi a akalipentala. Ena mwa makinawo sanatuluke m'sitolo ayi. Ndi mota ya pampu yakale ya madzi, kapena ya chigayo chomwe chinaima kalekale, yomangidwa pansi pa tebulo lazitsulo lopangidwa ndi wowotcherera wa pomwepo. Lamba, mapule awiri, mabering'i ndi macheka ozungulira, ntchito yayambika. Thabwa lomwe munthu akanalimbana nalo thukuta lili kamukamu likung'ambika m'kanthawi kochepa.

Nanga bwanji tikulekerera ogula zitsulo zakale kumaswa mota ndi nyundo, n'kusolola waya wa kopa kukagulitsa pa sikelo? Ine zimandiwawa. Mota zambiri zomwe timati zafa zimakhala kuti yapsa ndi kapasita yokha, kapena mabering'i atha. Ngakhale yopseratu, amisiri okulunga waya watsopano tili nawo. Ndalama zakunja zikusowa m'dziko muno, makina atsopano ochokera ku China kapena ku South Africa mnyamata wongoyamba kumene sangawafikire, koma ife tikuswa chomwe chikanamuyambitsa ntchito.

Ena amati makina oterewa amadula zala. Amaduladi, sindikukana. Koma chodula zala si ukalamba wa mota. Pa magetsi athu a ESCOM, mota zambiri zimazungulira maulendo pafupifupi 1,450 pa mphindi imodzi, zina pafupifupi 2,900. Mmisiri akalakwitsa kukula kwa mapule, macheka amathamanga kupyola mlingo wake ndipo ngozi ili pafupi. Kuwonjezera apo, mupeza macheka ali pamtetete opanda chotchinga, waya wa ethi sanalumikizidwe, switchi ili kukhoma uko, kutali ndi dzanja la wocheka. Zonsezi n'zophunzitsika, ndipo kuzikonza sikudya ndalama zambiri.

TEVETA inakhazikitsidwa mu 1999 kuti itukule maluso a ntchito zamanja, ndipo imatolera ndalama kwa olemba anthu ntchito. Akuluakulu a bungweli, fikani m'mashedimo. Sonkhanitsani akalipentala, owotcherera ndi okonza mota pamodzi, muwaphunzitse kuwerengera mapule ndi kuika zotchinga. Ndipo inu amene muli ndi mota yongogona kuseri kwa nyumba, musanaipereke kwa wa sikelo, yambani mwakaionetsa kwa mmisiri.