Mayina ndi maonekedwe a masitolo: chomwe chidagwetsa QualiSave pomwe Checkers ikukwera

Mu Ogasiti 2022, kampani ya masitolo akuluakulu ya Pick n Pay ya m'dziko la South Africa idayamba kutsitsa zikwangwani pa ena mwa masitolo ake ndi kukwezapo zatsopano zolembedwa kuti Pick n Pay QualiSave. Pasanathe zaka ziwiri, mkulu amene adabweretsa ganizoli adali atachoka pa udindo, kampaniyi idali italuza ndalama zokwana R3.2 biliyoni m'chaka chimodzi, ndipo dzina latsopanolo lidali litalamulidwa kuti lithe.

Nkhaniyi ikukhudzanso Amalawi. Kayalidwe ka katundu ndi kamangidwe ka masitolo akuluakulu ambiri m'chigawo chino cha kummwera kwa Africa nkotengera ku South Africa, ndipo kampani ya Shoprite, yomwe imalimbirana ogula ndi Pick n Pay, idalengeza mu Ogasiti 2025 kuti ikugulitsa masitolo ake asanu a m'dziko muno.

M'sitolo yaikulu mulibe chinthu chomwe chimaikidwa mwangozi. Zipatso ndi ndiwo zamasamba zimakonda kukhala pafupi ndi khomo kuti wogula akangolowa aone zinthu zowala ndi kukhulupirira kuti zonse za m'katimo nzatsopano. Mkaka, buledi ndi nyama, zomwe pafupifupi aliyense amadzera, zimaikidwa kumapeto kapena m'mbali kuti munthu adutse mashelefu ambiri asanazipeze. Katundu amene sitolo imapindula naye kwambiri amakhala pa shelefu yoyang'anizana ndi maso, wotchipa amakhala m'munsi mofuna kuwerama, pomwe maswiti amadikirira pamzere wolipirira, pamene mwana watopa ndipo kholo lilibenso mphamvu zokana.

Izi amachita pafupifupi onse. Chomwe chimasiyanitsa makampani ndi yankho lawo pa funso lovuta: kodi sitolo ya dzina limodzi ndi maonekedwe amodzi ingatumikire olemera ndi osauka omwe? M'dziko la South Africa, momwe kusiyana kwa chuma pakati pa anthu kuli m'gulu la kwakukulu kwambiri pa dziko lonse, funsoli silingazembedwe. Wogula wa ku Sandton mumzinda wa Johannesburg ndi wa m'mudzi m'chigawo cha Eastern Cape safuna katundu wofanana, sagula pa masiku ofanana, ndipo safika pasitolo pa njira zofanana.

Shoprite idayankha funsoli kalekale pogawa mayina. Kampaniyi idayamba m'chaka cha 1979 ndi masitolo asanu ndi atatu m'dera la Cape Town, omwe adagulidwa pa mtengo wa R1 miliyoni. Mu 1991 idatenga masitolo a Checkers, omwe panthawiyo adali akuyenda mwapendapenda, ndipo mu 1997 idagula kampani ya OK Bazaars pa mtengo wa R1 yokha chifukwa idali ikuluza ndalama zambiri. M'malo mofafaniza dzina la Checkers, akuluakulu a kampaniyi motsogozedwa ndi a Whitey Basson adalisunga, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 adalipatula kuti likhale la anthu opeza bwino. Dzina la Shoprite, la zikwangwani zofiira, lidatsalira anthu ambiri olandira malipiro ochepa ndi apakatikati. Pansi pake padabwera Usave, timasitolo ting'onoting'ono ta katundu wochepa wofunika tsiku ndi tsiku, topanda zokongoletsa, tomwe tina timamangidwa ndi makontena m'madera momwe sitolo yaikulu singapeze malo.

Ogula ena sadziwa nkomwe kuti masitolo atatuwa mwini wake ndi mmodzi. Koma kuseri, katundu wawo amadutsa m'nyumba zosungiramo za kampani imodzi, amanyamulidwa ndi magalimoto a kampani imodzi, ndipo pokambirana mitengo ndi opanga katundu amalankhula ngati wogula mmodzi wamkulu. Mayina ndi atatu, koma thumba ndi limodzi.

A Pieter Engelbrecht atalowa m'malo mwa a Basson mu Januwale 2017, kampaniyi idaika ndalama zambiri pa kukonzanso masitolo a Checkers m'kamangidwe komwe imatcha FreshX. Njira za pakati pa mashelefu zidakulitsidwa, kuwala kudasinthidwa, malo ogulitsira nyama, tchizi, buledi ndi vinyo adapatsidwa maonekedwe ngati timasitolo tapadera, ndipo m'masitolo ena mudatsegulidwa malo omwera khofi a Starbucks. Cholinga chidali chosabisika: kulanda ogula a Woolworths, yomwe kwa zaka zambiri idadziwika ngati sitolo ya chakudya cha anthu a ndalama. Mu 2019 kampaniyi idawonjezera ntchito ya Sixty60, yomwe munthu amaitanitsa katundu pa foni ndipo wanjinga yamoto amamubweretsera pakhomo mkati mwa ola limodzi. Mliri wa Covid-19 utafika mu 2020, Checkers idapezeka kuti idakonzeka kale pomwe anzake amayamba kumene kuthamanga.

Pick n Pay idapezeka itapanikizika pakati. Kampaniyi, yomwe a Raymond Ackerman adaiyamba mu 1967 pogula masitolo anayi mumzinda wa Cape Town, idakula ndi mbiri yoti ndi sitolo ya aliyense, yomenyera wogula nkhondo ya mitengo. Koma kumtunda Checkers ndi Woolworths zidayamba kuilanda anthu opeza bwino, kumunsi Shoprite ndi Usave zikuilanda osauka. Ngakhalenso Boxer, sitolo yotchipa yomwe Pick n Pay yomweyo idagula mu 2002, imakula mofulumira kuposa kholo lake.

Ndi chifukwa chake mu Meyi 2022 mkulu wa kampaniyi panthawiyo, a Pieter Boone, adalengeza ndondomeko yomwe adaitcha Ekuseni. Mwa zina, masitolo pafupifupi 40 pa 100 aliwonse omwe kampani imayendetsa yokha amayenera kusanduka QualiSave, okhala ndi mitundu ya katundu pafupifupi 8,000, pomwe masitolo a Pick n Pay okonzedwanso akhale ndi mitundu pafupifupi 18,000. Papepala, ganizoli lidafanana ndi lomwe lidapindulitsa Shoprite.

Kusiyana kwake kudali kwakuti Shoprite idatenga zaka zambiri kuphunzitsa anthu tanthauzo la dzina lililonse, ndipo dzina lililonse lidaima palokha. QualiSave idanyamula dzina la Pick n Pay pachikwangwani chomwecho. Munthu amene wakhala akugula m'sitolo ya m'dera lake kwa zaka makumi awiri adadzuka tsiku lina nkupeza kuti katundu wina amene adamuzolowera wachotsedwa, pomwe sitolo ya dzina lomwelo kudera la olemera yawonjezeredwa zinthu. Uthenga womwe adaumva sudali wakuti mitengo yatsika, koma wakuti dera lake layesedwa losayenera sitolo yeniyeni. M'dziko lomwe malamulo a tsankho adagawa anthu malo okhala potengera khungu, uthenga wotere sungalandiridwe mopepuka.

Vuto lina lidali la m'nyumba momwemo. Wofuna zotchipa adali kale ndi Boxer, yomwe idamangidwa kuyambira pachiyambi kuti iziyenda ndi ndalama zochepa: katundu wosankhidwa pang'ono, matumba akuluakulu a ufa, mpunga ndi shuga ounjikidwa pansi, ndi nyumba zosalira zambiri. QualiSave idali sitolo ya lendi ndi malipiro a Pick n Pay yofuna kugulitsa pa mitengo yoyandikira ya Boxer. Masamu otere savuta kuona komwe akuthera.

Kungakhale kulakwa kunena kuti chikwangwani chokha ndicho chidadya R3.2 biliyoni. M'zaka za 2022 ndi 2023 magetsi amazima maola ambiri pa masiku ochuluka m'dziko la South Africa, ndipo masitolo onse amawononga ndalama zankhaninkhani pa dizilo woyendetsera majenereta kuti mafiriji asazime. Ngongole za kampaniyi zidakula, chiwongoladzanja chidakwera, ndipo gawo lalikulu la ndalama zomwe idaluza lidachokera pa kutsitsa mtengo wa masitolo osapindula m'mabuku ake. Komabe magetsi amazimira onse, ndipo Shoprite idapitiriza kupanga phindu m'zaka zomwezo.

Mu Okutobala 2023 kampaniyi idaitananso a Sean Summers, omwe adaitsogolerapo mpaka 2007, patangopita milungu yochepa a Ackerman atamwalira. Mu Meyi 2024 a Summers adalengeza kuti masitolo oposa 100 atsekedwa, kapena asanduka Boxer, kapena aperekedwa kwa amalonda apadera omwe amalipira kuti agwiritse ntchito dzina la Pick n Pay. Eni masheya adapemphedwa kuthiramo R4 biliyoni, banja la Ackerman lidavomera kusiya mphamvu zolamulira kampaniyi palokha, ndipo mu Novembala 2024 gawo lina la Boxer lidagulitsidwa pa msika wa masheya wa ku Johannesburg pa ndalama pafupifupi R8.5 biliyoni. Sitolo yosakongoletsedwa ija ndiyo idapulumutsa kholo lake ku ngongole.

Kampani ya Spar nayo idaphunzira m'njira yowawa kuti wogula amaweruza sitolo poona mashelefu. Mu 2023 idaika makina atsopano a kompyuta oyendetsera katundu kunyumba yake yosungiramo ya m'chigawo cha KwaZulu-Natal, makinawo adasokonekera, ndipo malonda a ndalama pafupifupi R1.6 biliyoni adatayika. Masitolo adali okongola monga kale, koma katundu samafika.

Dzina likadutsa malire a dziko, nkhani imasinthanso. Ku Zimbabwe, Pick n Pay sidafafanize dzina lomwe anthu adalizolowera. Ili ndi magawo 49 pa 100 mu TM Supermarkets, ndipo malondawa amadziwika ndi mayina onse awiri, TM Pick n Pay. Shoprite idasankha njira ina: idapita ndi dzina lake, mtundu wake wofiira ndi kayalidwe kake kulikonse, monga ku Lusaka m'dziko la Zambia mu 1995. Kuno ku Malawi idafika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo sitolo yake ya ku Chichiri mumzinda wa Blantyre idasintha zomwe anthu amayembekezera akalowa m'sitolo yaikulu, mpaka dzinalo lidasanduka chizindikiro cholozera njira kwa okwera maminibasi.

Koma sitolo yomangidwa kuti ionetse mitundu zikwizikwi ya katundu imafuna kuti katunduyo azibwera, ndipo wambiri amagulidwa ndi ndalama zakunja. Kugwa mphamvu kwa ndalama za maiko osiyanasiyana, kukwera mitengo kwa zinthu, misonkho ya pamalire ndi lendi yolipiridwa m'madola ndi zina mwa zomwe zidachititsa Shoprite kuyamba kubwerera m'mbuyo. Idachoka ku Kenya, Nigeria, Uganda ndi Madagascar kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2020, ndipo mu 2025 idatchula Ghana ndi Malawi. M'dziko muno ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pomwe ndalama zakunja zimasowa m'mabanki. Mgwirizano wogulitsa masitolo asanu aja udasainidwa mu Juni 2025, ndipo umayenera kuvomerezedwa ndi bungwe loona za mpikisano pa malonda la CFTC komanso banki yaikulu ya Reserve.

Zomwe zidachitikira masitolo omwe Shoprite idasiya m'maiko ena nzosiyana. Ku Uganda adatengedwa ndi kampani ya Majid Al Futtaim ya ku Dubai, yomwe idawasandutsa Carrefour, dzina lomwe idali ikuligwiritsa kale ntchito mumzinda wa Kampala pamodzi ndi njira zake zopezera katundu. Ku Nigeria, ogula a m'dziko momwemo adasunga dzina la Shoprite kuyambira 2021, koma pofika 2025 nyuzipepala za kumeneko zimalemba za mashelefu opanda kanthu ndi kutsekedwa kwa ena mwa masitolowo. Chikwangwani chidatsala, koma magalimoto ndi nyumba zosungiramo katundu zomwe zidachipatsa tanthauzo zidali zitapita.

Amalawi ali ndi chitsanzo chawochawo. People's Trading Centre, yomwe aliyense amaidziwa kuti PTC, idakhazikitsidwa mu 1973 pansi pa Press ndipo idafika m'maboma ambiri a dziko lino. Nayonso idayesa kugawa ogula ndi mayina: Peoples, Metro ya ogula zambiri nthawi imodzi, ndipo pambuyo pake Spar ndi Food Lover's Market m'mizinda, momwe masitolo ena adakonzedwanso mooneka bwino. Akale adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kuseri kwa mashelefu atsopanowo, ngongole kwa operekera katundu zimakula, ndipo woperekera katundu akapanda kulipidwa amasiya kubweretsa. Mu 2022 Press Corporation idagulitsa PTC kwa Tafika Holdings, ndipo chaka chomwecho bwalo la milandu lidalamula kuti kampaniyi ithetsedwe. Ogwira ntchito ambiri adatsala pa ulova akudikira ndalama zawo.

Malo omwe PTC idasiya adadzazidwa ndi masitolo monga Chipiku ndi Sana, omwe eni ake ali m'dziko momwe muno, kuphatikizapo magolosale ndi maokala omwe amagulitsa shuga wa pasupuni ndi mafuta ophikira a m'timapepala kwa munthu amene ndalama yake ndi ya tsiku limenelo. Chipiku nayo ili ndi mayina awiri, lina la masitolo a pikulitsa ndi lina la Chipiku Plus la masitolo a m'mizinda, koma m'mashelefu a onsewa shuga wa Illovo, mafuta ophikira ndi sopo zimafunabe ndalama zakunja penapake pa ulendo wake, kaya pa feteleza, pa zipangizo za kufakitale kapena pa dizilo wa galimoto yomwe yazifikitsa pakhomo la sitolo.